Tchaja ikamadula batire la galimoto yamagetsi lisanadzaze: kupeza selo lovuta

Mwaimika galimoto madzulo, mwalumikiza tchaja, mwakagona. M'mawa mukupeza tchaja inadula kalekale pakati pa usiku koma batire silinadzaze, ndipo ulendo womwe munkapita n'kubwerako opanda nkhawa tsopano mukuutha mtima uli m'mwamba. Mukatsegula pa laputopu pulogalamu ya BMS, kachipangizo koyang'anira ndi kuteteza maselo omwe amapanga batire, mukuona selo limodzi lafika pa 3.65 V pomwe anzake akali pa 3.38 V. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuitanitsa selo latsopano, ena amaimba mlandu tchaja. Taimani kaye. Matenda ooneka chonchi alipo asanu, ndipo pa asanuwo ndi awiri okha ofuna kugula selo.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: galimoto yomwe anaichotsa injini n'kuikamo mota, yokhala ndi maselo 45 a LiFePO4, omwe ambiri amangoti LFP, a 180 Ah lililonse, ngati aja a kampani ya CALB. Selo lililonse ndi la 3.2 V, choncho batire lonse ndi la 144 V, pafupifupi 26 kWh. Malire a selo la mtunduwu ndi 3.65 V pamwamba ndi 2.5 V pansi.

Maselowa alumikizidwa mondondozana, ndiye karenti yodutsa mwa limodzi ndi yomweyo yodutsa mwa onse. Zili ngati zidebe 45 zandandalikidwa pamjigo, ndipo lamulo ndi lakuti mukathira kapu imodzi mu chidebe china muthirenso kapu imodzi m'zonse. Chidebe chomwe munali kale madzi chisefukira zinzake zisanadzaze. Chaching'ono chisefukiranso msanga. Chobooka chizitsalira nthawi zonse. Tchaja siona chidebe chimodzichimodzi, imangoona volteji ya batire lonse. Ngati munaitchera pa 160 V, maselo 44 ali pa 3.38 V ndipo limodzi lili pa 3.65 V, yokha ikuwerenga 152 V n'kumaganiza kuti ntchito ikadalipo. Ikapitiriza, selo lodzadza lija ndi lomwe lidzalandire chilango chonse. BMS ikadula pamenepo ndiye kuti yagwira ntchito yake. Musakweze malire ake, ndipo musailambalale ndi waya kuti mungodzazako lero lokha. Moto wa mabatire umayamba choncho.

1. Dzitetezeni musanatsegule bokosi

Volteji ya DC yoposa 60 V imawerengedwa kuti ndi yoopsa, ndipo inu muli ndi yoposa kawiri. Vulani mphete, wotchi ndi tcheni cha m'khosi. Valani magolovesi a amisiri a magetsi a Class 0, omwe amapirira 1,000 V, ndi magalasi oteteza maso. Kulungani masipanala ndi tepi mpaka kungotsala kamwa yokha, chifukwa selo limodzi la 180 Ah likhoza kutulutsa karenti ya masauzande sipanala ikagwera pamitu yake iwiri, ndipo chitsulocho chimawotchererana pomwepo. Phimbani maselo omwe simukuwagwira ndi mphira kapena katoni youma.

Yezani ndi malitimita kuchokera ku mutu wa + wa batire kufika ku chitsulo cha galimoto, kenako kuchokera ku mutu wa −. Batire lalikulu siliyenera kukhudzana ndi bodi, choncho nambala iyenera kutsika n'kuyandikira ziro. Ikakhazikika pa volteji yaikulu, penapake waya wasupuka, ndipo konzani zimenezo kaye.

Lamulo lina limene anthu amaphunzira ndi misozi: musanamasule busbar iliyonse, kachitsulo kaja kolumikiza selo ndi selo, zulani pulagi ya timawaya ta BMS. Mukamasula kachitsuloko timawaya tili polumikizika, volteji ya batire lonse ikhoza kudutsira mu BMS n'kuiwotcha. Ndipo ngati selo lili lotupa, likutentha galimoto itangoima, likununkha kafungo kotsekemera ngati ka mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, kapena lakhala nthawi yaitali pansi pa 2 V, nkhani yolinganiza yathera pomwepo. Lichotseni, liikeni panja kutali ndi nyumba, ndipo musalitchajenso.

2. Lembani manambala pa nthawi zinayi

Chida chachikulu pantchitoyi ndi kope ndi cholembera. Lembani manambala pa maselo ndi cholembera chosafufutika, 1 mpaka 45, mogwirizana ndi momwe BMS imawatchulira. Kenako jambulani volteji ya selo lililonse pa nthawi izi: tchaja itatsala pang'ono kudula, patadutsa maola awiri kapena atatu itadula, pokwera chitunda mutaponda, komanso batire litatsala pang'ono kutha galimoto itapumula ola limodzi. Pokwera chitundapo wina akhale ndi laputopu pampando wa pambali, inu maso pamsewu.

Chifukwa chovutikira chonchi ndi khalidwe la LFP. Pakatikati, selo la mtunduwu limabisa zamkati. Lina likhoza kukhala pa 40%, lina pa 60%, onse n'kumasonyeza pafupifupi 3.30 V, kusiyana kwake ma mV ochepa okha (1,000 mV ndi 1 V). Mukayeza masana batire lili theka mudzati zonse zili bwino. Choonadi chimatulukira kumapeto awiri okha: kupitirira 3.40 V potchaja, pomwe volteji ya selo lodzadza imalumpha mwadzidzidzi, ndi pansi pa 3.10 V, pomwe ya selo lotha imagwa ngati mwala.

3. Kodi BMS ikunena zoona?

Yambani ndi matenda otchipa. Ikani malitimita pamitu yeniyeni ya selo lomwe likuoneka lokwera, osati pa busbar kapena pa waya, ndipo yerekezani ndi zomwe BMS ikunena pa nthawi yomweyo. Kusiyana kwa 5 mV kapena 10 mV si nkhani. Mita ikati 3.39 V pomwe BMS ikuti 3.62 V, selo lilibe mlandu.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa mukachiona kamodzi. Maselo awiri oyandikana amagawana kawaya kamodzi koyezera. Kawayako kakamasuka, kakachita dzimbiri kapena kakaduka mkati mwa pulasitiki, selo limodzi limaoneka lokwera, loyandikana nalo n'kuoneka lotsika ndi mlingo wofanana, koma mukaphatikiza awiriwo nambala imatuluka yolondola. Mukaona selo 23 lili pamwamba ndipo 24 lili pansi chonchi, tsatirani kawaya ka pakati pawo kuyambira pa bawuti mpaka pa pulagi, muone kafyuzi ngati kalipo, ndipo kokani pang'ono pomwe anafinyira chingwe. Misewu yathu ya mabampu imamasula zinthu zotere mosavuta. Onetsetsaninso kuti batire la mita yanu si lofooka, poti mita ya batire lofooka imanama.

4. Mabawuti ndi ma busbar

Apa ndi pomwe pamabisala mavuto ambiri, ndipo n'pomwe anthu sakonda kuyang'ana. Mitu ya maselo ambiri ili ndi aluminiyamu, chitsulo chomwe chimapanga kakhungu kosaoneka kotsekereza magetsi. Bawuti likamasuka pang'ono kapena kakhunguko kakakula, polumikizirapo pamayamba kudya volteji, ndipo BMS imawerengera voltejiyo pamodzi ndi ya selo.

Tiwerengere limodzi. Soketi ya m'nyumba ya 13 A pa 230 V imapereka pafupifupi 3 kW, ndiye tchaja yanu ikukankhira mu batire mwina 18 A. Polumikizira pakakhala chotsekereza cha 1 milliohm yokha, selo lioneka lokwera ndi 18 mV potchaja. Zochepa. Koma pokwera chitunda mota ikukoka 300 A, malo omwewo adya 0.3 V n'kutulutsa kutentha kwa 90 W, ngati babu lakale lija lamoto litayaka pamutu pa selo. Ndiye selo loterolo limakwera potchaja, limagwa mukaponda, koma karenti ikangoima limabwerera msanga n'kufanana ndi anzake.

Kuti mutsimikize, ikani mita pa mV tchaja ikugwira ntchito, nsonga imodzi pa mutu wa selo, ina pa busbar pafupi pomwepo, magolovesi ali m'manja. Chitani chimodzimodzi pa maselo angapo. Pabwino pamasonyeza pafupifupi ziro, povuta pamadzionetsa pokha. Mukakhala ndi choyezera kutentha chija cholozera patali, chilozeni pa mabawuti mutangofika kuchokera ku ulendo. Osayesa ndi chala.

Pokonza, zulani tchaja, tsegulani swichi yodula batire pakati, zulani pulagi ya BMS, kenako masulani busbar imodzi yokha pa nthawi. Kwechani mutu wa selo ndi kachitsuloko mpaka ziwale, pukutani fumbi lonse, pakani pang'ono mafuta oletsa aluminiyamu kuchita khungu, n'kumanga nthawi yomweyo. Kawaya ka BMS kakhale pamwamba pa busbar, osati pakati pa busbar ndi mutu wa selo. Mangani ndi sipanala yoyeza kulimba, pa nambala yomwe opanga selolo analemba. Dzanja la makaniko wozolowera mabawuti a mateyala limapululira mazinga a aluminiyamu kamodzi n'kamodzi. Selo loyandikana ndi waya wautali wolumikiza bokosi la kuboneti ndi la kubuti nalonso limaoneka lokwera mwabodza, ngati kawaya koyezera kanaikidwa kutsidya kwa wayayo.

5. Werengani zomwe kope likunena

Mukatsimikiza kuti manambala ndi oona ndipo polumikizira pali bwino, bwererani ku kope lija.

Selo likakhala pamwamba pa anzake potchaja, n'kukhalabe pamwamba pawo batire litatsala pang'ono kutha, ndi chidebe chomwe munali kale madzi. Ndi lamoyo, langotsogola. Chimodzimodzi lomwe limatsalira kumwamba ndi kumunsi komwe: langochedwa. Uku ndiye kusalingana kwenikweni, ndipo kumakonzeka popanda kugula kanthu.

Selo likayamba kudzadza n'kuyambanso kutha, loyamba kufika 3.65 V komanso loyamba kugwera ku 2.8 V, ndi chidebe chaching'ono. Mimba yake yachepa. Mungalilinganize kangati konse, silikula. Nthawi zambiri selo lotopa chonchi limagwanso kwambiri mukaponda ngakhale mabawuti ali olimba.

Selo lomwe mwalilinganiza bwinobwino koma pakatha masabata awiri kapena atatu latsaliranso, ndi chidebe chobooka: likudzidyera magetsi mkati. Koma musanaliweruze, fufuzani ngati palibe wakuba. Ndinathandizapo kufufuza pikapu ina yomwe maselo ake anayi oyambirira ankatsalira mwezi ndi mwezi, onse anayi mofanana ndendende, ndipo mwini wake anali atatsala pang'ono kugula anayi atsopano. Kufananako ndi komwe kunandidabwitsa, poti maselo sadwala mogwirizana chonchi. Titaunika ndi tochi ya foni kuseri kwa bokosi tinapeza kawaya kofiira kowonda, kokulungidwa ndi tepi yakuda yomwe inali itayamba kumatuka, katamangidwa pa bawuti la selo lachinayi n'kulowera pansi pa kapeti. Woika wailesi ndi alamu anaona kuti maselo anayi akupereka 12.8 V, n'kuti basi, magetsi ndi omwewa. Alamu yokoka 50 mA yokha imadya 1.2 Ah patsiku, 36 Ah pamwezi, gawo limodzi mwa magawo asanu a selo la 180 Ah. Chilichonse cha 12 V chidye ku batire laling'ono lotchajidwa ndi DC-DC converter, kachipangizo kotsitsa volteji ya batire lalikulu, osati pakati pa batire lalikulu.

6. Kulinganiza

Funso lomwe limabwera apa ndi lakuti, nanga BMS ija ikutani, si ntchito yake imeneyi? Ndi yake, koma mkono wake ndi waufupi. Ma BMS ambiri a magalimoto otere amalinganiza potentha magetsi a selo lokwera mu resistor yaing'ono. Orion BMS, mwachitsanzo, imachotsa pafupifupi 200 mA. Selo lotsogola ndi 5% lili ndi 9 Ah zoonjezera, ndipo kuzichotsa pa 200 mA kumafuna maola 45. Popeza imalinganiza kumapeto kwa kutchaja kokha, mwina theka la ola patsiku, ndiye miyezi itatu imeneyo. Onjezerani kuzimazima kwa magetsi, kapena chizolowezi chozula tchaja m'mawa isanamalize, mupeza kuti BMS sinapatsidwe mpata n'komwe.

Kusiyana kukakhala kochepa, ipatseni mpatawo. Tcherani BMS kuti iyambe kulinganiza pa 3.40 V maselo akasiyana ndi 10 mV mpaka 20 mV. Musaitchere pansi pa pamenepo, chifukwa pakatikati paja izingothamangitsa manambala opanda tanthauzo n'kusokoneza zomwe zinali bwino. Tsitsani volteji ya tchaja kufika pomwe selo lokwera silikudulitsa, mwina 153 V, ndipo chepetsani karenti ya kumapeto kufika 1 A kapena 2 A ngati tchaja yanu imamvera BMS kudzera pa CAN, mawaya omwe zipangizo za galimoto zimalankhulirana. Siyani usiku wonse, muzikweza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Kukakhala kwakukulu ndipo otsogola ali ochepa, achotseni magetsi pamanja. Resistor ya 1 ohm ya 25 W kapena kuposa, yomangidwa pa chitsulo choizizitsa, imakoka pafupifupi 3.3 A, ndiye 9 Ah zimatha m'maola osakwana atatu. Babu la kutsogolo kwa galimoto la 55 W limagwiranso ntchito, limakoka cha m'ma 2 A n'kumangofiira ngati khala. Ikani kafyuzi pa chingwe chake, zulani tchaja, ndipo tcherani alamu pa foni. Chotsani kwa ola limodzi, tchajaninso, muone yemwe wayamba kufika pamwamba tsopano, n'kubwereza. Kuiwala babu pa selo usiku wonse kumasandutsa selo lotsogola kukhala lotsalira, ntchito n'kuyambiranso.

Otsalira akakhala ochepa, akwezeni limodzilimodzi ndi power supply ya patebulo yotha kutcheredwa volteji ndi karenti. Zinthu ziwiri pano sizikambirana. Choyamba, mawaya ake otulutsa asakhale olumikizika ku ethi, ndipo swichi yodula batire ikhale yotsegula. Chachiwiri, tcherani 3.60 V kapena 3.65 V musanailumikize ku selo, tsimikizani ndi mita, ndipo mukalumikiza musakhudzenso kabatani. Nambala itsika pa sikirini n'kukhala 3.35 V kwa maola ambiri, mtima n'kumati kwezako pang'ono. Mukakweza, selo lidzapitirira malire inu muli ku nsima. Dikirani mpaka karenti itatsika pansi pa 2 A, n'kupita pa lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire likakhala losokonekera paliponse, kapena mukamanga latsopano, njira yotsimikizika ndi kumasula maselo onse n'kuwalumikiza mitu ya + pamodzi, ya − pamodzi, n'kuwadzaza ngati selo limodzi lalikulu mpaka 3.65 V. Alumikizeni chonchi pokhapokha asiyane ndi zosakwana 50 mV. Ndipo yambani mwawatchaja ali mondondozana mpaka loyamba litadzadza, chifukwa maselo 45 a 180 Ah ndi 8,100 Ah. Mukayambira pa theka ndi power supply ya 10 A mudikira maola 405, masiku pafupifupi 17.

Ngati galimotoyo munagula yomangidwa kale, funsani momwe womangayo analinganizira. Alipo omwe amatsatira njira yomwe Jack Rickard wa EVTV ku America ankalimbikitsa, yolinganiza maselo kumunsi, atatsala pang'ono kutha, n'kumatchaja mosafikitsa pamwamba. Batire loterolo limasiyana kumwamba mwadala. Ine ndimakonda kulinganiza kumwamba pakakhala BMS yoyang'anira selo lililonse, koma chachikulu ndi kusankha njira imodzi. Mukasakaniza, iliyonse imagumula zomwe inzake yamanga.

7. Selo lokayikitsa liyesedwe palokha

Lichotseni pamodzi ndi awiri omwe mukuwakhulupirira, kuti mukhale ndi poyerekezera. Dzazani lililonse, kenako likhuthuleni pa karenti yodziwika mpaka 2.5 V mukuwerenga nthawi: 18 A kwa maola 10 ndi 180 Ah. Timakina toyezera mabatire timachita zimenezi tokha n'kudula pa malire. Anzake akapereka 170 Ah lokha n'kupereka 140 Ah, galimoto yonse ikuyenda ngati ya 140 Ah, ndipo kusintha selo limodzilo kubweza makilomita omwe munataya. Lomwe mukuliganizira kudzidyera magetsi lidzazeni, lisiyeni osalumikiza kanthu kwa mwezi, n'kuwerenga ma Ah omwe lifune kuti lidzazenso. Labwino limataya maperesenti ochepa okha pamwezi.

Selo lolowa m'malo likhale la mtundu womwewo ndi kukula komweko. Musaliike momwe lafikira, poti maselo amatumizidwa osadzadza. Dzazani batire lonse, dzazani latsopanolo palokha mpaka volteji yomweyo, kenako mangani. Onaninso pomwe lakufalo linakhala. Likakhala la pafupi ndi mota kapena controller, bokosi loyendetsa motayo, kutentha n'komwe kunalikalambitsa, ndipo latsopano lidzatsata njira yomweyo mukapanda kutchinga kapena kupititsa mpweya. Kwa omwe muli ku Britain nthawi yozizira, kapena ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July, vuto lina ndi chisanu: selo la lithium silitchajidwa pansi pa 0 °C, limawonongeka mkati osabwereranso.

8. Ngati batire lanu ndi la Leaf kapena Tesla

Njira yofufuzira ndi yomweyi, manambala okha ndi ena, ndipo kusokoneza manambalawo n'koopsa. Nissan Leaf yoyamba, yomwe inatuluka mu December 2010, ili ndi batire la 24 kWh la ma module 48. Mu module iliyonse muli maselo anayi, awiriawiri, ndipo n'chifukwa chake ili ndi mitu itatu: wapakatiwo ndi woyezera, ndipo BMS iyenera kuufika. Module ya Tesla Model S ya 85 kWh ili ndi timaselo 444 tobulungira ta mtundu wa 18650 m'magulu 6 a 74, kalikonse kolumikizidwa ndi kawaya kowonda kogwira ntchito ngati fyuzi. Timawayato tikaduka tingapo, gulu lonselo limachita ngati chidebe chaching'ono chija.

Malire a maselo amenewa ndi 4.2 V, ndipo omanga ambiri amaimira pa 4.1 V kuti akhalitse. Ubwino wake ndi wakuti volteji yawo imakwera ndi kutsika motsatira magetsi omwe ali mkati, ndiye kusalingana mumakuona ngakhale batire lili theka, litapumula: 20 mV si yodetsa nkhawa, 100 mV ndi yofunika kuifufuza lero. Kuipa kwake ndi kwakuti akapitirira malire amayaka moto waukali kuposa LFP, choncho powatchaja pamanja khalani pomwepo, galimoto ili panja.

Mukamaliza zonse, tchajani mpaka kumapeto katatu motsatizana mukulemba manambala. Batire la LFP lolingana bwino limafika pa 3.50 V pa selo, maselo atasiyana ndi 30 mV kapena kucheperapo, ndipo imamaliza ndi tchaja yokha karenti itatsika, osati BMS kudula. Lembani tsikulo m'kope, muyezenso pakatha mwezi, ndipo kamodzi pa sabata muzisiya tchaja imalize yokha musanazule.